Funsani tikuyankheni: za batire ya mchere ndi sulufule yatchuka ija

Mwezi uno mafunso ambiri agwera pa nkhani imodzi, mabatire, moti ena ndangowaphatikiza poti amafunsa zofanana. Amene munafunsa za anankafumbwe pepani, zanu mwezi wamawa.

FUNSO: Akonzi, ine ndili ndi kasola pakhomo pano, mapanelo awiri ndi batire ija ya asidi ya 100Ah, ndiye iyi ndi yachitatu pa zaka zisanu, ikangotha chaka ndi theka basi yayamba kugona 8 koloko usiku mpira usanathe nkomwe. Tsopano mwana wanga wandionetsa pa foni kuti ku Japan apanga batire ya mchere yopanda madzi mkati, akuti siipsa komanso ndi yotchipa. Eti ndi zoona zimenezi? Ndidikire imeneyo kapena ndingogulanso ya asidi yomweyi?
Bambo wa ku Mchinji

YANKHO: Bambo musadikire, mukhala mumdima zaka zambiri. Nkhaniyo si bodza ayi, kungoti anthu akutenga zinthu zitatu zosiyana n'kuzitcha dzina limodzi.

Batire iliyonse ili ndi mbali ya plus, imene azasayansi amati cathode, mbali ya minus, imene amati anode, ndiye pakati pamakhala chinthu choti tinthu tonyamula mphamvu totchedwa ma ion tizioloka kupita uku ndi uku, chimenecho ndiye electrolyte. Mu batire yanuyo mbali ziwirizo ndi mapuleti a mtovu, electrolyte yake ndi asidi uja amakubowolerani thalauza. Mu foni amene amaoloka ndi lithium. Ndiye akamati batire ya mchere akunena kuti woolokayo ndi sodium, yemwe uja ali mu mchere wa pa ndiwo ndi mu soda wophikira therere, sikuti mkatimo athiramo mchere wa m'paketi.

Mtundu woyamba ndi wakalekale, sodium ndi sulufule zosungunuka. Anauyamba ndi a Ford ku America m'ma 1960, kenako kampani ya NGK ya ku Nagoya ku Japan inayamba kugulitsa mu 2002. Imeneyo kuti igwire ntchito imayenera kukhala yotentha madigiri 300 usana ndi usiku, kukula kwake ngati kontena, ku Abu Dhabi anaikako okwana 108 MW. Si ya pakhomo. Mtundu wachiwiri ndi sodium-ion, yofanana kwambiri ndi ya mu foni ndipo madzimadzi mkati alimo. Iyi ndiye ilipodi pamsika makamaka ku China, a CATL anaonetsa yawo yoyamba mu 2021 ndipo mu 2025 anatulutsa ina yotchedwa Naxtra. Wachitatu ndi umene mwana wanu waonawo, zonse mkati ndi zouma, palibe dontho. Umenewo ukadali mu labu, ndipo mabatire ambiri amene mumamva kuti "apanga" kukula kwake ndi ngati m'bulu wa Panado.

Za kasola kanuko, batire ya asidi imafa msanga chifukwa timaikama mpaka kuuma, pomwe iyo siifuna kutsitsidwa kudutsa theka, ndiye tsiku ndi tsiku mukaimwa yonse mapuleti amachita chikhokho choyera basi yatha. Ngati thumba likulola gulani ya lithium yolembedwa LiFePO4, imapirira kutchajidwa maulendo masauzande, bola muonetsetse kuti controller yanu ikugwirizana nayo. Olo ku sola yaikulu ya ku Golomoti ija anaikako ya lithium, 10 MWh. Wina akabwera ndi batire pamsika n'kumati iyi ndi "solid state ya sodium" mungomuseka.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa chemistry pa CDSS ina. Ana a Fomu 4 anandipanikiza kuti chifukwa chani nkhani za mabatire ouma a sodium zikumangotchula sulfide, sulfide, pomwe mabatire a mu foni tinawaphunzitsa kuti amagwiritsa ntchito ma oxide. Ndinawayankha mozemba. Tandithandizeni ndisachite manyazi kawiri.
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, anawo afunsa funso lenileni ndithu, ndipo yankho lake mukhoza kuliyambira pa mbale ya nsima. Msuzi mukauthira umalowerera paliponse, palibe kampata kamene umasiya. Electrolyte ya madzimadzi imachita chimodzimodzi, imanyowetsa kambewu kalikonse ka ufa wa cathode ndiye ma ion amapeza njira mbali zonse. Tsopano chotsani msuziwo, mutenge miyala iwiri muigunditse. Ikhudzana pa timalo tiwiri titatu basi, kwina konse ndi mpata, ndipo ion siuluka mumpweya. Vuto lalikulu la batire youma ndi limeneli, kukhudzana, zina zonse zimabwera pambuyo.

Ma oxide, zinthu zogwirana ndi oxygen, otha kuolotsa sodium alipo, beta-alumina uja wa NGK, komanso NASICON amene John Goodenough ndi anzake analemba mu 1976. Koma amenewa ndi ngati njerwa, kuti timbewu take tigwirane mpaka muwotche mu uvuni kupitirira madigiri 1000, ndipo pa moto woterowo cathode ndi electrolyte zimayamba kudyana zisanagwire nkomwe ntchito, ikazizira ndiye yosachedwa kusweka ngati mbale yadothi. Sulfide, chinthu chogwirana ndi sulufule, ndi wofewa. Ufa wake mukangouika mu chikombole chachitsulo n'kuufinya mwamphamvu, popanda moto uliwonse, timbewu timaphwanyika n'kumatana kukhala m'bulu umodzi. Chifukwa chake anawo akuchidziwa kale pa periodic table: sulufule ali pansi pa oxygen mu gulu limodzi, atomu yake ndi yaikulu, ndiye sagwira sodium mothinitsa ngati mmene oxygen amachitira, komanso mipata yodutsamo imakhala yotakasuka. Sodium ndi wonenepa kuposa lithium ndiye khomo lalikulu limamukomera.

Amene analimbikira kwambiri njira imeneyi ndi gulu la Akitoshi Hayashi ndi Masahiro Tatsumisago ku Osaka ku Japan. Mu 2012 anaonetsa Na3PS4, sodium, phosphorus ndi sulufule, ikuolotsa sodium pa kutentha kwa m'chipinda wamba pa mlingo wa 0.2 mS/cm, muyezo wa mmene chinthu chimaolotsera ma ion. Panthawiyo zinali nkhani. Pofika 2019 gulu lomwelo linachotsa phosphorus n'kuikapo antimony ndi tungsten pang'ono, mlingo unafika 32 mS/cm, kutanthauza kuwirikiza ka 160, ndipo apa ufa wouma unapitirira madzimadzi a mu batire ya foni amene amasewera cha m'ma 10. Ine pamenepa mpamene ndinasiya kuiona ngati nthabwala.

Koma funso la anawo linali pa ma electrode, mbali za plus ndi minus zija, nde tafika. Electrolyte ya sulfide ili ndi chofooka chimodzi, siipirira voltage yokwera. Ikadutsa ma volt awiri ndi theka kapena cha pamenepo sulufule wake amayamba kulandidwa ma electron n'kuwonongeka. Ma oxide a cathode amagwira ntchito pa 3 volt kupita m'mwamba, ndiye mukawagunditsa ndi sulfide pamalirepo pamamera chikhokho chosaolotsa kanthu, batire n'kumafooka tsiku ndi tsiku. Ena amathana nazo pokuta ufa wa oxide ndi kachikopa kopyapyala, ena akuyesa ma chloride, koma njira ina ndi yakuti cathode nayonso ikhale sulfide, ukwati wa pachisuweni, onse a mtundu umodzi, onse ofewa, onse okonda voltage yotsika, palibe wodya mnzake.

Chosangalatsa n'chakuti iyi si nzeru yatsopano. Batire yoyamba ya lithium yotchajika, imene Stanley Whittingham anapanga ali ku kampani ya Exxon m'ma 1970, cathode yake inali sulfide, titanium disulfide, TiS2, imene maatomu ake anayalana ngati masamba a buku ndipo ion imangolowa pakati pa masambawo n'kutulukanso osang'amba kanthu. Kenako mu 1980 Goodenough ali ku Oxford anaonetsa kuti oxide ya cobalt imapereka 4 volt, pafupifupi kawiri, a Sony n'kuyamba kugulitsa mu 1991, sulfide basi anaikidwa pa shelefu. Whittingham ndi Goodenough pamodzi ndi Akira Yoshino analandira Nobel mu 2019. Ndiye batire youma yabwera kudzafukula zimene zinatayidwa.

Palinso china chimene kuuma kumathandiza. Sulufule ndi ma sulfide ena akakhala mu electrolyte ya madzimadzi, pakati pa kutchaja amasanduka ma polysulfide amene amasungunuka ngati shuga mu tiyi, n'kuyandama kupita mbali ya minus kukawonongeka kumeneko, cathode kumangotha pang'onopang'ono. Mukachotsa tiyiyo shuga alibe mosungunukira.

Chitsanzo choti muwalembere pa bolodi ndi Na2FeS2, sodium, chitsulo ndi sulufule basi, imene a ku Osaka Metropolitan University anafalitsa mu 2022. Inasunga pafupifupi 320 mAh, muyezo wa magetsi amene batire imasunga, pa galamu iliyonse ndipo inatchajidwa maulendo opitirira 300. Chinsinsi chake n'chakuti mu ma cathode ambiri amene amapereka ndi kulandira ma electron ndi chitsulo chokha, oxygen amangokhala ngati khoma, pomwe umu chitsulo chikugwira ntchito sulufule nayenso akugwira, anthu awiri pa khasu. Komanso imabwera ili kale ndi sodium wake mkati ndiye sizichita kufuna kuti mbali inayo muikeko sodium weniweni popanga. Muwafunse anawo awerengere okha oxidation state ya chitsulo mmenemo, apeza +2.

FUNSO: Ndikuphunzira za electrical ku Blantyre kuno. Ndaona kuti LiFePO4 imasunga cha m'ma 160 mAh/g pomwe ma sulfide mukuwanenawo akufika 320, pyrite akuti mpaka 894. Nde ngati zili choncho bwanji sanaziike kale mu foni ndi mu galimoto, si makampani a lithium akungobisa dala kuti azitidyerabe?
Wophunzira, Chichiri

YANKHO: Aise palibe akubisa, makampani omwewo a lithium ndi amene akuthira ndalama mu sodium. Nambala mwatengazo ndi zoona koma ndi theka la nkhani. Mphamvu ndi mAh kuchulukitsa ndi ma volt, ma volt osati mavoti a chisankho. LiFePO4 ndi 160 kuchulukitsa 3.2, mupeza 512. Sulfide ya 320 ija olo titaikomera mtima n'kuipatsa 2 volt yathunthu ndi 640, ikakhala pa 1.5 ndi 480, mwaona kuti kawiri kaja kasowa. Ndipo sodium payekha amayamba ali kale kumbuyo ndi 0.3 volt poyerekeza ndi lithium, sodium -2.71, lithium -3.04. Mu batire ya 12V ya LiFePO4 mumakhala ma cell anayi, ya asidi asanu ndi limodzi, zitsekerero zija mumaziona pamwamba, ya sulfide ingafune asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndipo cell iliyonse ndi chikopa chake, mawaya ake, kulemera kwake.

Chachiwiri, "pa galamu" akunenapo ndi galamu ya sulfide yekhayo. Koma mu m'bulu weniweni ufa wa cathode amausakaniza ndi ufa wa electrolyte wambiri ndithu kuti ma ion apeze njira, kuphatikizanso carbon kuti ma electron apeze yawo, ndipo chigawo chapakati cholekanitsa plus ndi minus mu labu chimakhala chochindikala, theka la milimita kapena kuposa, pomwe mu batire ya foni ndi kapepala kopyapyala kuposa tsitsi. Mukayeza zonse pamodzi nambala ija imagwa koopsa.

894 ya pyrite ndi ya pa pepala. Pyrite, FeS2, golide wa zitsiru uja, kuti apereke zonsezo amayenera kuphwasuka yense kukhala chitsulo pachokha ndi Na2S payekha, ndiye potchaja kuti zibwerere mmene zinalili sizibwerera bwinobwino. Ndi ngati kugumula nyumba madzulo aliwonse n'kuimanganso m'mawa, njerwa zina zizisowa basi. N'chifukwa chake pyrite mumampeza mu mabatire a AA a lithium osatchajika aja, ntchito kamodzi n'kutaya. TiS2 sagumula nyumba koma malire ake ndi 239. Sulufule weniweni ndiye 1675 pa pepala, koma saolotsa magetsi ngakhale pang'ono ndipo akameza sodium amafufuma kupitirira kawiri.

Kufufumako ndiye mutu weniweni. Kukula kwa ion ya sodium ndi 102 pm, kamuyezo ka maatomu, pomwe ya lithium ndi 76, kulemera 23 kwa 7, mlendo wonenepa chonchi akamalowa ndi kutuluka timbewu timatupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa, mu madzimadzi zilibe kanthu poti msuzi umatsatira, koma mu zouma pamatsala ming'alu, ndipo pamene pang'ambika ndiye kuti njira yaduka. Mu labu amathana nazo pomanga kam'bulu kaja pakati pa zitsulo zochindikala ndi mabawuti, chitsulo cha makilogalamu kufinya batire yosakwana galamu. Tayesani kuganiza zimenezo mu foni.

Mbali ya minus nayo ili ndi zake. Sodium weniweni akagundana ndi sulfide amaidya, komanso amamera timinga totchedwa ma dendrite timene timabowola mpaka kukafika ku plus n'kuchita short. Ndiye ambiri mu labu amagwiritsa ntchito sodium wosakaniza ndi tin, Na15Sn4, koma tin ndi wodula komanso wolemera. Graphite amene amagwira bwino ndi lithium, sodium salowamo bwino, n'chifukwa chake ma sodium-ion a pamsika amagwiritsa hard carbon, makala apadera amene ena amawapanga kuchokera ku zikamba za kokonati. Mu 2024 gulu la Shirley Meng ku Chicago ndi San Diego linaonetsa batire youma ya sodium yopanda anode nkomwe, sodium amadzadziyala yekha pa aluminiyamu potchaja, koma iwo electrolyte yawo sinali sulfide.

Ndiye maulendo 300 aja muwaone bwino. Kwa ofufuza ndi chipambano, kwa bambo a ku Mchinji aja amene amatchaja tsiku lililonse ndi miyezi khumi.

FUNSO: Ine nkhawa yanga ndi ana. Batire ya sola ili kuchipinda komwe amagona chifukwa cha akuba. Sulufule timamumva ku tchalitchi kuti ndi wa moto wa ku gehena, nde mukuti aziika mu batire? Komanso yathu ya panopa nthawi zina imanunkha ngati dzira lovunda, ndi bwinobwino?
Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi chachiwiricho chifukwa ndi cha lero. Si bwinobwino ayi. Batire ya asidi ikamanunkha dzira lovunda ndiye kuti ikutchajidwa mopyola muyezo, ikuwira mkati, mwina controller yafa kapena munalumikiza panelo mwachindunji, kapena cell imodzi yawonongeka. Fungolo ndi mpweya wa hydrogen sulfide, ndi poizoni, ndipo nthawi yomweyo ikutulutsanso hydrogen amene sanunkha koma amaphulika ndi kamoto ka machesi. Ichotseni kuchipinda kwa ana lero lomwe, tsegulani mawindo, musayatse kandulo pafupi, muitane wodziwa aone controller. Ikhale malo opita mphepo, olo muipangire kabokosi ka zitsulo kokhoma.

Tsopano mpweya womwewo ndi umene ukuvutitsa ofufuza a batire youma. Ubwino wake ndi woona, madzimadzi a mu batire ya lithium amayaka ngati petulo ndipo ndi amene amakolezera moto foni kapena njinga ikaphulika, ndiye mukawachotsa mwachotsa nkhuni zambiri. Koma Na3PS4 ikangokumana ndi chinyezi, olo cha mumpweya chomwechi, imaphwasuka n'kutulutsa hydrogen sulfide. Kuipa kwa mpweya umenewu n'kwakuti ukachepa mumaumva, ukachuluka umapha mphuno kaye moti mumaona ngati watha, komanso ndi wolemera umakhala pansi pomwe mwana wagona. Ndi womwe uja umagwetsa anthu olowa mu septic tank. N'chifukwa chake mu labu ufa umenewu saugwira panja, amaugwirira mu bokosi lagalasi lodzaza mpweya wa argon, manja atalowetsa mu magolovesi ataliatali omatidwa ku bokosilo. Ya antimony ija, Na3SbS4, imapirira chinyezi bwino, imamwa madziwo m'malo mophwasuka, ndiye ndi chifukwa china chimene anthu akuithamangira.

Mawu oti "siipsa" ine sindiwakonda. Sodium weniweni aliyense amene anaona aphunzitsi akuponya kachidutswa m'madzi akudziwa zimene amachita, n'chifukwa chake amasungidwa mu mafuta. Ndipo mabatire otentha a NGK aja anayakapo ku Japan mu September 2011, kampaniyo mpaka inaimitsa kaye kupanga n'kusintha kamangidwe kake. Youma idzakhala yovuta kuyaka kuposa ya lithium ya lero, pamenepo ndikuvomera, koma chikopa chake chikadzabooka nthawi ya dzinja padzafunika kuthawa.

FUNSO: Ndili ku Joni kuno koma ndimatsatira za migodi kumudzi. Anzathu a ku Zimbabwe akudyerera lithium. Sodium akabwera ndiye kuti awo agwa? Nanga ife tili ndi chani choti tingagulitse pa mabatire atsopanowa?
Wowerenga, Johannesburg

YANKHO: Achimwene, lithium sagwa msanga. Chimene chinadzutsa sodium ndi mtengo, mu November 2022 tani imodzi ya lithium carbonate ku China inafika pafupi ndi ma yuan 600,000, aliyense n'kuyamba kufuna pothawira, Zimbabwe nayo mu December chaka chomwecho inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayenga. Koma pofika kumapeto kwa 2023 mtengo uja unali utagwa kufika cha m'ma 100,000, ndiye LiFePO4 inatchipa moti sodium anasowa podzitamira, kampani ya Natron ku America imene inkapanga ma sodium-ion inatseka mu 2025. Koma a ku China sanabwerere m'mbuyo.

Pa kuchuluka sodium alibe mnzake, mu nthaka ya dziko lapansi ndi woposa 2 peresenti pomwe lithium ndi 0.002, kusiyana kokwana ka 1000. Komanso sodium sagwirana ndi aluminiyamu ndiye mbali zonse ziwiri za batire amatha kuika aluminiyamu m'malo mwa kopa, nkhani imene a ku Copperbelt sangaikonde kwenikweni. Koma kuchuluka komweko ndi kumene kukutanthauza kuti palibe adzalemere ndi mgodi wa sodium. Mafakitale amayambira pa soda ash, amene amakumbidwa kale ku Wyoming, ku Sua Pan ku Botswana ndi ku Magadi ku Kenya, ndipo amapangidwanso kuchokera ku mchere ndi laimu. Sulufule ndi zotsalira poyenga mafuta, milu yachikasu imangokhala m'madoko, wina amadutsa pa mathiraki kupita ku migodi ya ku Zambia ndi Congo kukapanga asidi.

Kwathu pyrite aliko ku Malingunde ndi ku Chisepo, ku Zambia amakumbidwa ku Nampundwe. Ku Kasiya kuli rutile, mwala wa titanium, nde wina akhoza kunena kuti TiS2 ndi yathu, koma ofufuza akuthawira ku chitsulo dala poti titanium ndi wodulirapo. Choseketsa n'chakuti graphite wa ku Kasiya konko msika wake ndi batire ya lithium, sodium samufuna, ndiye pa nkhani imeneyi ife tili timu imodzi ndi a ku mgodi wa lithium wa Bikita ku Zimbabwe.

Ndipo kutchipa kwa zipangizo kusakupusitseni. Electrolyte yothamanga kwambiri ija ili ndi antimony ndi tungsten, zonse zodula ndipo zambiri zimachokera ku China, amene mu 2024 anaika malamulo okhwima pa kutumiza antimony kunja. Na2S woyera wopanda madzi ndi wodula kutalitali kuyerekeza ndi sodium ndi sulufule zimene zamupanga, n'chifukwa chake a ku Osaka omwe aja mu 2024 anafalitsa njira ina yophikira ma sulfide amenewa kudzera mu ma polysulfide osachita kutsekera mu machubu. Ndalama yeniyeni ili pa kuyenga, pa makina ofinyira, ndi pa fakitale youma kuposa chipululu imene makina ake oumitsa mpweya sayenera kuzima olo ola limodzi.

FUNSO: kkkk akonzi nde ngati ndi mchere bwanji osangopanga tokha, mchere ulipo makala alipo sulufule amagulitsa ku ma agro dealer
Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Iwe usayerekeze kutentha sulufule m'nyumba, utsi wake ukupweteka m'chifuwa. Sodium kuti umulekanitse ndi mchere pamafunika kusungunula mcherewo pa moto wa madigiri mazanamazana, pawokha umasungunuka pa 801, kenako n'kudutsitsamo magetsi ambiri, mbali inayo kukutuluka chlorine. Chimene ungapange pakhomo ndi ichi: kapu ya madzi a mchere, waya wa kopa mbali ino, msomali wa malata mbali inayo osagundana, upeza kavoltage kosakwana 1 volt pa mita. Ukalumikiza makapu anayi motsatizana ka LED kofiira kayaka mwa apo ndi apo. Koma dziwa kuti mmenemo sodium akungoolotsa, amene akudyeka ndi zinc wa pa msomaliyo, akatha uyika msomali wina.